Vinyo wa Chidede ndi Bokosi la Sikelo

Tereza, iwe ndi amene wakhala ukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga manja asanayambe kunjenjemera. Chabwino, ndayamba. Za ubwana wanga ndazidumpha dala, mulibe chimene mungatolemo kupatula mbuzi ndi zikoti za kusukulu. Chigawo chino ndi cha kunyanja, kumene ndinagwira ntchito yoyesa nsomba, kumene ndinaphunzira kupanga vinyo, komanso kumene tinachoka tisakufuna. Iwe ndi mlongo wako munali ana, munangoona lole itaima pakhomo n'kumasangalala kuti mukwera galimoto. Chimene chinabweretsa lole imeneyo sindinakuuzenipo, ndiye khalani pansi mumve.

Salima, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali pa ofesi ya zansomba pa boma la Salima. Ndinatsika sitima nditanyamula sutikesi ya malata, nditavala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo, ndikudziona ngati bwanamkubwa. Koma kutentha kwake, abale inu! Mwana wa ku mapiri a Dedza ngati ine, masokosi aja sanathe sabata. Ntchito yake inali yokopera manambala a nsomba amene anzathu a m'madoko ankatumiza, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, fani ya kudenga ikungozungulira osathandiza kanthu. Bwana wathu woyamba anali munthu wofatsa, wosuta kaliwo. Akapeza cholakwa sankakalipa, ankangokubwezera pepala n'kunena kuti, "Werenganinso, a Mbewe." Ine bola akanamandikalipira.

Pa ofesipo panali mlonda wachikulire, a Jere, amene anakhala zaka zambiri ku Halale akuphikira azungu. Loweruka lina anandipeza ndikupita kudzala ndi theka la mkoko wa nthochi umene unandipsera ndisanaumalize.

"A kalaliki, mukupita nazo kuti zimenezo?"

"Kokataya, madala. Zafewa zonse."

"Aaa, inu ana a sukulu! Kutaya vinyo dzuwa likuswa mtengo chonchi? Bwerani nazo kuno."

Ine vinyo ndinkangodziwa wa ku tchalitchi, ndipo ndinkayesa amachokera kunja kokha. Tinasenda nthochi zija, tinaziphika pang'ono m'chitini chachikulu, madzi ake n'kuwathira mu ndowa yotsuka bwino. A Jere anakhuthuliramo shuga wanga wa mwezi wonse, ine mtima ukuwawa, kenako madzi a mandimu ndi kapu ya tiyi wakuda, ndipo zitazizira anawazamo yisiti wa buledi. Ndowa tinaiphimba ndi nsalu. M'mawa mwake inali thovu lokhalokha, ikununkhira ngati bekale. Patapita masiku tinasefa n'kuthira m'chigubu. Pakamwa pa chigubucho tinalowetsapo kachubu, mbali ina ya kachubuko n'kuiviika m'botolo la madzi, kuti mpweya uzituluka koma usabwererenso. Ndiye chigubu chija chinkangoti bwi, bwi, bwi pakona pa chipinda changa, ngati ndasunga chule.

"Tsopano muchiiwale," anatero a Jere. "Kachasu ndi amene amatcheza lero n'kumwa lero. Uyu safuna munthu waphuma."

Ine phuma ndiye linali dzina langa. Mwezi usanathe ndinatsegula, ndinamwa makapu awiri a zinthu zotuwa ngati madzi otsukira mpunga, ndipo Lolemba ndinagwira ntchito ndikuthamangira kuseri. A Jere anaseka mpaka kugwira mpanda. Chigubu chachiwiri anachitsekera m'kanyumba kawo ka ulonda, makiyi n'kuika m'thumba. Atachitulutsa mvula itadutsa, vinyo anali atayera bwinobwino, wooneka ngati tiyi wopepuka, ukamwa nthochi ikumveka patali kukhosi. Kuyambira tsiku limenelo matendawa anandilowa, ndipo sanandichoke mpaka lero. Sindinagulitsepo ngakhale kapu imodzi. Chimene chinkandikoka ine n'kudikira kuja, ndi kuona nkhope ya mlendo akalawa.

Ku doko, pakati pa zaka za m'ma 1970

Nditakwatira mayi anu, a Nankhoma, ananditumiza ku doko lina kum'mawa kwa Khombedza, moyang'anana ndi chilumba cha Mbenji. Nyumba ya boma inali ya zipinda ziwiri, malata odontha, mtengo wa bwemba pabwalo. Iwe Tereza unabadwira m'menemo, mlongo wako Yohane nayenso. Ntchito yanga inali kuchingamira mabwato, kutapa nsomba pang'ono, kuziyesa, kulemba mtundu wake ndi kulemera kwake. Sikelo ndi miyala yake ndinkaziika m'bokosi la matabwa lokhala ndi loko, ndipo posakhalitsa dzina la Mbewe linafa, doko lonse linkanditcha a Sikelo. Poyamba asodzi ankandibisira nsomba poganiza kuti ndabwera ndi msonkho. Amene anawamasula anali Che Twaibu, mwini boti la injini ndi khoka lalikulu la chilimila, munthu wamtali, wa mawu ngati ng'oma, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuseka. Tsiku lina anangokuwa pa mchenga kuti, "Musiyeni munthuyu ayese! Sikelo sidya nsomba!" Basi, nkhani inathera pomwepo.

Muyenera kudziwa za Mbenji kuti mumvetse zotsatirazi. Chilumbachi chimatsekedwa nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, n'kutsegulidwa mvula ikatha, ndipo asodzi amakakhala komweko m'misasa. Koma chili ndi malamulo ake a makolo: mowa sufikako, chamba sichifikako, njuga satchova, akazi sapondako. Akhristu ndi Asilamu onse ankamvera. Ankati lamulo likasweka utaka umathawa, njoka zimabuka m'misasa, mphenzi imagwa popanda mtambo. Choncho boti lisananyamuke, akuluakulu osankhidwa ankasecha katundu yense pa mchenga, ndipo Che Twaibu anali mmodzi wa iwo. Ulendo wanga woyamba anatsegula bokosi langa, anatulutsa sikelo, ananunkhiza ngakhale botolo langa la madzi.

"Musakhumudwe, a Sikelo. Ngakhale shehe timamusecha."

Patapita nyengo zingapo, mkulu wina atagwira loko wa bokosi langa, Che Twaibu anaika dzanja pamwamba pake. "Ili lisiyeni. Munthuyu ndikumuimira ine." Mawu amenewo sanali ocheza. Kumeneko ukaimira munthu, iye n'kupezeka ndi choletsedwa, mumathamangitsidwa nonse awiri, khoka lako n'kuchoka nalo pachilumba osadzabwereranso. Khoka la Che Twaibu linkadyetsa mabanja a alovi awo onse, anyamata okoka khoka aja, kuphatikizapo ana a mchimwene wawo amene anamira. Zonsezo anaziika pa bokosi langa anthu akuona, akudziwa bwino lomwe zimene zinkawira kunyumba kwanga.

Ankadziwa, inde. Madzulo ambiri ankabwera kudzakhala pansi pa bwemba, mayi anu n'kuwapatsa tiyi m'kapu yawoyawo imene sinkakhudza china chilichonse. Ankatchera khutu ku zenera la kuchipinda. "A Sikelo, haramu yanu ija ikuimbabe? Astaghfirullah, munthu wabwinobwino kuweta achule m'nyumba!" Ine ndinkawabwezera kuti shuga amene ankathira mu tiyi ndi amene adzayambe kupha munthu, vinyo wanga asanaphe aliyense. Tinkakangana za injini, za mitengo ya utaka, za mpira wa pa wailesi. Iwe Tereza unkawakoka ndevu, iwo n'kumakuwa ngati wawapweteka.

Vinyo wa nthochi ndinapitiriza. Ndinayesa wa malambe, wa bwemba amene anali wowawasa moti ankakwinyitsa nkhope, wa mango amene sankafuna kuyera ngakhale umudikire bwanji. Wa chidede anatulukira ndi mayi anu. Iwo ankalima chidede kuseri kwa nyumba chifukwa cha ndiwo, ndiye tsiku lina anandiponyera lichero la timakoko take tofiira tija. "M'malo mondithera nthochi za ana, bwanji osayesa izi?" Ha! Anatuluka vinyo wofiira ngati wa paguwa, wowawasa pang'ono, wopepuka pa lilime. Zimene mumagula m'makatoni masiku anozi n'kumandibweretsera pa Khirisimasi, pepani ana anga, ndimangomwa chifukwa cha ulemu.

Zinthu zinkasowa zaka zimenezo. Shuga ankatha mwezi osaoneka, akafika pa sitolo ya pa Khombedza mzere unkafika kumsewu, ndipo usanagule unkayamba waonetsa khadi la chipani. Ndinkapalasa njinga kukaima pa mzere umenewo, pobwera mayi anu n'kulanda paketi, kukaibisa pansi pa mpunga. Tinkalimbirana ngati ana. Yisiti akasowa ndinkasunga nsenga za pansi pa chigubu chakale n'kuyambitsira chatsopano. Machubu ankandipatsa mnzanga wa pa chipatala, ine n'kuwawiritsa kaye. Zotsekera mabotolo ndinkasema zitsononkho n'kumata ndi phula la kandulo. Chaka china phuma lija linandibwerera, ndinathira m'mabotolo vinyo asanasiye kuwira. Lachinayi masana, amayi a kwaya ali m'nyumba ndi mayi anu, botolo linaphulika kuchipinda, phuu! Lina, phuu! Amayi aja anatuluka chokwawa, wina anasiya nsapato. Tcheyamani wa chipani wa m'mudzimo anafika ali wefuwefu kudzafunsa amene akusunga mfuti m'nyumba ya boma. Ndinamulowetsa, anaona khoma lili psuu, analawa zotsala, anachoka akupukusa mutu botolo lili m'thumba la jekete. Mayi anu sanandilankhule mpaka Lamulungu. Masiku amenewo ndimawasowa, ana inu. Tinalibe kanthu, koma sindikumbuka kuti ndinkasirira munthu.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Bwana wa kaliwo uja atapuma, kunabwera a Mangani. Ndisawanamizire, ntchito ankaidziwa. Ndi iwo amene anatipezera njinga zatsopano ndi majombo, ndipo petulo atasowa ankabwera kumadoko pa basi n'kumalizira wapansi, tayi ali pakhosi. Vuto lawo linali limodzi: akaona munthu wamkulu, mawondo ankafewa. Atalawa vinyo wa chidede anatsinzina. "A Mbewe, zimenezi mwapanga m'nyumba muno? Inu mukuwonongeka kuno." Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse ankachoka ndi botolo, ine n'kumanyada. Anandiuzanso kuti dzina langa alipereka ku kosi, yoti ndikabwerako ndidzakwera giredi. Mayi anu anayamba kale kulota nyumba ya magetsi.

Mvula itatha chaka chimenecho, mawa lake chilumba chikutsegulidwa, Landirova ya ofesi inaima pa bwemba dzuwa litapendeka. A Mangani sanakhale pansi. Anandikokera kuseri kwa nyumba, kumene kunali chidede.

"Mawa tili ndi mlendo, mkulu wa chipani wochokera kuchigawo. Akufuna kukaona chilumba ndi maso awo. Olemekezekawa ndawauza za vinyo wanu, ndipo akumudikira. Mutenge mabotolo angapo a chidede, muwaike m'bokosi lanu lija. Ndamva kuti salisecha."

"Bwana, pachilumba paja salola. Bwanji adzamwere kuno pobwera? Ndiwakonzera pansi pa mtengo, mayi aphika chambo."

"Pobwera akuthamangira msonkhano ku boma. Akufuna akamwe akudya nkhomaliro, m'tenti, nyanja akuiona. Ndani angalowe m'tenti ya Olemekezeka?"

"Fungo, bwana. Asodzi aja mowa amaumva ngakhale uli kutsidya. Akadziwa, sapita kwa Olemekezeka. Apita kwa amene anaimira bokosi."

"Malamulo amenewo ndi a asodzi, a Mbewe. Inu ndinu wa boma." Anandiyang'ana, n'kutsitsa mawu. "Ine ndalonjeza kale. Musandichititse manyazi pamaso pa munthu ameneyu. Kosi ija sinasainidwe, ndipo muli ndi ana aang'ono."

Inu a masiku ano mumayankha bwana mmene mwafunira, ena mpaka pa wailesi. Nthawi imeneyo munthu ankatha kupita kuntchito m'mawa osabwererako, abale ake n'kumaopa ngakhale kufunsa. Kumana munthu wa chipani chinthu chimene wachilakalaka kunali kuseweretsa moyo. Ndinalowa m'nyumba. Mayi anu anali akusankha mpunga, ndipo zonse anazimva pa zenera.

"Ndinkanena ine kuti zigubu zanuzi zidzatiitanira tsoka," anatero osadzutsa mutu.

"Ndiye nditani, mayi a Tereza?"

"Musandifunse ine. Nyumba ya magetsi ndikuifuna, sindinama. Kundende sindikufuna mupite. Koma mukaika mabotolowo m'bokosi, tiyi wa Che Twaibu muzidzawapatsa nokha. Ine sindidzatha kuwayang'ana."

Za njoka ndi mphenzi ine sindinkazikhulupirira kwenikweni, ndinali munthu wa sikelo. Chimene ndinkachiona m'maso mwanga chinali khoka lija likuchotsedwa pachilumba, alovi ataima manja ali m'khosi, Che Twaibu akutulutsidwa pakati pa akuluakulu ngati wakuba. Kuwatsina khutu sikukanathandiza. Ndi mtima wawo uja akanatsegula bokosi pamaso pa mlendo, ndipo akanagona m'chitokosi tsiku lomwelo. Kudwala mwadala sikukanathandizanso, a Mangani akanangotenga bokosi ndi mabotolo n'kupita nazo. Ndinagwira njakata. Mabotolo ndinawakulunga m'chiguduli, ndinawaika m'bokosi, ndinakhoma loko. M'mawa, nditavala kale yunifolomu, ndinatsegulanso, ndinawatulutsa, ndinawabwezera pansi pa bedi. M'malo mwake ndinaikamo fulasiki ya tiyi ndi makapu. Mayi anu anaona, anangondikonza kolala.

Pa mchenga panali anthu ngati pa msika. Olemekezeka aja anafika ndi anyamata awo a malaya ofiira. Anali munthu wonenepa, wa magalasi akuda, ndodo yosema ili m'manja. Akuluakulu anasecha matumba a asodzi, anasechanso zikwama za alendo mwaulemu, zipewa zili m'manja, Olemekezeka n'kumaseka mokweza kuti mwambo ndi chinthu chabwino, tiziusunga. Atafika pa bokosi langa, Che Twaibu anangolimenya ndi chikhatho. "Ili ndi la a Sikelo, lipite." A Mangani ananditsinzinira diso. Ine ndinayang'ana kumadzi. Kuwauza pomwepo kuti mabotolo mulibe sindinayerekeze, ndinati bola zikaphulikire kutsidya kumene sangandibweze kukatenga.

Pachilumba zonse zinayenda bwino. Shehe anapemphera, abusa anapemphera, akuluakulu analankhula, kenako Olemekezeka analankhula nthawi yaitali, asodzi akuomba m'manja pa dzuwa maso ali kunyanja kumene utaka unkawadikira. Nkhomaliro itakwana tinalowa m'tenti anthu ochepa. Anabweretsa kampango wootcha ndi mpunga wa ku Chinguluwe. A Mangani anatikita manja. "A Mbewe, bokosi lija." Ndinagwada, ndinatsegula loko, ndinatulutsa sikelo, miyala yake, fulasiki, makapu. Kunja kunkamveka mbalame ndi anthu akukoka mabwato.

"Vinyo uja ali kuti?" anafunsa a Mangani, mawu atasanduka a mwana.

"Ndamusiya kunyumba, bwana. Pepani. Bokosili munthu wina analiimira ndi khoka lake."

Olemekezeka anavula magalasi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku majombo. Anaseka pang'ono, mano okha. "A Mangani, anyamata anuwa ali ndi boma lawolawo, eti?" Mawu amenewo anali okwanira kutsekera munthu zaka. Kenako anatambasula dzanja. "Thira tiyi wakoyo." Ndinathira, tiyi wina anatayikira pa mphasa. Anamwa, anadya kampango wawo, sanandiyang'anenso. Pobwerera m'boti a Mangani anakhala chondifulatira. Che Twaibu, amene anagwira injini osadziwa kanthu, ankandifunsa mokuwa ngati nyanja yandizunguza mutu.

Nyengo ya mwera, chaka chomwecho

Masabata otsatira ndinkati ndikamva galimoto ndinkathamangira pa zenera. Mayi anu anandilongedzera kachikwama ka bulangeti ndi sopo n'kukaika kuseri kwa chitseko. Koma apolisi sanabwere. M'malo mwake anandiitana ku ofesi ku Salima. A Mangani ndinawapeza ataonda, tayi atamasula.

"Mukupita ku Chitipa, kukayang'anira maiwe a nsomba. Kosi ija iwalani." Anadzuka n'kutseka chitseko cha ofesi. "Mukhoza kundida, a Mbewe, koma ena amafuna zoposa pamenepa. Ndachita kuwagwira mwendo. Ndipo pakamwa mutseke. Za m'tenti zija zikamveka pa doko, sindidzathanso kuthandiza munthu, kaya inu kaya mnzanu wa khokayo."

Ndikhulupirira kuti ankanena zoona. Kwa asodzi a Mangani anakalengeza okha kuti a Sikelo akwezedwa pantchito, anapempha malo ena ndipo boma lavomera.

Lole inabwera mwera ukuwomba, mchenga ukulowa m'maso. Zigubu ziwiri zinali zikuwirabe, sizikanapirira msewu wa ku Chitipa, ndiye ndinakazikhuthula kuseri, fungo lake pabwalo ponse. Inu munali kale pamwamba pa matiresi mukuimba. Dalaivala wa ofesi anali pomwepo, tcheyamani wa mfuti uja nayenso anabwera kudzatsanzika, makutu ali tcheru. Ndi pamene Che Twaibu anatulukira ndi mtolo wa utaka wouma paphewa. Anauponya m'lole, anapereka moni kwa mayi anu, kenako anaima patsogolo panga. Sanaseke.

"Ndamva kuti mwakwezedwa."

"Ndi mmene akunenera, Che Twaibu."

"Akuti munapempha nokha."

Ndinawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha katundu.

"Wallahi, a Sikelo, ine ndimayesa ndife abale. Zaka zonsezi tiyi tikumwera pamodzi, osandiuza ngakhale liwu limodzi? Ndikamve kwa bwana wanu pa mchenga ngati mlendo? Ngati fungo la nsomba lakutopetsani, nenani."

Ndinatsala pang'ono kuwauza zoona. Ndinayang'ana tcheyamani, ndinayang'ana dalaivala, ndinayang'ana mnzanga wamtali uja amene akanangomva zoona zake, akanathamanga wapansi mpaka ku Salima kukatukwana anthu osatukwanika. Mayi anu anatembenukira kumbali, chitenje chili kumaso.

"Ndi ntchito, achimwene," ndinatero. "Munthu umafuna kukwera."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anandipatsa dzanja, nsonga za zala zokha. "Allah akuyendetseni bwino." Anabwerera kunyanja lole isanalire, osacheuka.

Ku Chitipa chidede chinamera, vinyo ndinapitiriza, giredi sinabwere. Kuwalembera Che Twaibu sindikanatha, makalata ankatsegulidwa panjira. Pamene zinthu zinasintha, anthu n'kuyamba kulankhula momasuka, ndinakwera basi mpaka pa Khombedza, ndinabwereka njinga kupita ku doko. Ndinapeza mwana wawo wamkulu, ali kale bambo wa imvi, akusoka chilimila pa mchenga. Anandiuza kuti bambo ake anatisiya zaka ziwiri zapitazo, ndipo khoka lawo silinaphonyepo nyengo pa Mbenji. Nditatchula dzina langa analeka kaye kusoka.

"Ndinu a Sikelo? Ababa ankakutchulani. Ankati munali munthu wabwino, kungoti munakonda giredi."

Ndinakhala pa bwato lovundikira, ndinamufotokozera zonse, kuyambira kuseri kwa nyumba mpaka m'tenti. Anamvetsera mwaulemu, singano ili m'manja, koma iye sanali munthu amene ndinayendera ulendo wonsewo. Khoka linapulumuka, ndipo zimenezo ndi zimene ndinkafuna. Sindinong'oneza bondo. Koma zimandiwawa mpaka lero, ana anga, kuti Che Twaibu anapita osadziwa.